Mphini za ku Joni

Ine ndine wansanje, ndipo sindinayambe ndabisapo. Mayi anga ankanena kuti ndili wakhanda ndinkalira akangonyamula mwana wa eni. Ndakula nazo, ndakalamba nazo, ndipo amuna anga anandikwatira akudziwa.

Kwathu ndi ku Thyolo, koma ndinakulira m'makomboni a esiteti ya mpira kufupi ndi Chintheche, komwe bambo anga ankacheka makungwa a mitengo kuti utomoni wa mpirawo utuluke. Amuna anga anali kalaliki woyeza mpira pa sikelo, Mtonga wa ku Tukombo wovala malaya ositidwa ngakhale pa ntchito yonunkha ngati imeneyo. Ananditengera kwawo, ndipo ndakhalako zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ndinaphunzira kuviika chinangwa, ndinaphunzira kutakasa kondowole mpaka manja kuuma, ndinawaberekera ana anayi. Chitonga ndimamva, koma abale awo akafuna kundidutsa amangothamangitsa lilime, ine n'kutsala m'mbuyo. Mpaka lero amanditchula kuti Mchewa uja, chonsecho ndine Mlomwe.

Chaka chimene anapita ku Joni anali atayamba kale kukodza pafupipafupi. Tikakwera minibasi ya ku Mzuzu ankapempha dalaivala kuti aime tisanafike n'komwe pa Mpamba, anthu n'kumang'ung'udza. Ine ndinkawaseka kuti ukalamba wayambira kumunsi. Anapita kuchipatala kawiri kapena katatu, n'kubwerako ndi mawu akuti si shuga, basi. Kenako tsiku lina anandiuza kuti mlongo wawo wamkulu wawaitana. Mlamu wangayo wakhala ku Joni kuyambira ndisanakwatiwe, akugwira ntchito m'nyumba ya azungu, ndipo pabanjapo mawu ake ndi lamulo chifukwa malata a nyumba zambiri anagula ndi iye. Anati mwendo ukumuvuta, akufuna wachibale pafupi kwa mwezi umodzi. Mwezi umodzi uja unabala inzake, inakwana inayi.

Anabwerako atanenepa. Masaya anadzaza, mimba inatuluka, ngakhale pachifuwa panatupa ngati pa mtsikana wongoyamba kumene. Anthu ankawayamikira kuti Joni wawakonda, koma ine ndinkangoyang'ana masayawo n'kumadzifunsa kuti amawaphikira ndani. Mlamu wanga ndimamudziwa, kuphika kwake sikunganenepetse ngakhale mphaka.

Panabweranso zina. Thukuta linkawagwira mwadzidzidzi, mu Juni mwera ukuwomba, mpaka kuvula jekete. Ku tchalitchi, kumene anali mkulu wa mpingo zaka khumi ndi zisanu, ndinawaona akupukuta misozi pa nyimbo yomwe takhala tikuimba chiyambire. Munthu ameneyu sanalire pamaliro a mayi ake. Ndiye inu mukanaganiza chiyani? Ine ndinati akusowa munthu.

Koma chachikulu chinali cha kuchipinda. Sindinena zambiri, ndine mayi wamkulu. Ndingoti amuna anga, pa zaka zawo zonsezo, anali asanasiye kundikodola ndi chala chakuphazi. Atabwera ku Joni chalacho chinaleka. Sabata yoyamba ndinati ndi kutopa kwa basi. Mwezi woyamba ndinati mwina ndine ndanyansa, ndinakagula mafuta onunkhira pa Chintheche, ndinamangitsa tsitsi. Anandiyamikira tsitsilo mwaulemu ngati kuti ndine mkazi wa abusa, n'kutembenukira kukhoma.

Anakhomeranso kachitsulo kotsekera pa chitseko cha bafa. Bafa yathu inalibe chotsekera kuyambira tsiku limene tinaimanga, ndipo kuwatsuka kumsana inali ntchito yanga. Tsopano ankatenga okha ndowa, n'kudzitsekera.

M'mawa wina anaiwala kutseka. Ndinabwera ndi ketulo ya madzi otentha kuti ndiwawonjezere, ndinakankha chitseko ndi phazi, ndipo asanalande thaulo ndinali nditaona kale. Timadontho titatu takuda, tating'ono ngati njere za mapira. Kamodzi m'chiuno kumanja, kena kumanzere, kachitatu pansi pa mchombo, kumunsi ndithu.

“Ada, izi n'chiyani?”

“Nsikidzi za m'basi, Ama.”

“Nsikidzi zake zoluma moyeza ndi lula?”

Anangoti ndiwapatse ketuloyo nditseke chitseko, kukuzizira.

Mphini ine ndimazidziwa. Kumakomboni ndinakula ndikuziona, za mutu, za msana, za chitetezo. Ndinkadziwanso za zija amayi ankanong'onezana pochapa, zoti mkazi wakunja amamutemera mwamuna m'chiuno kuti amutseke, akabwerera kwa mkazi wake azingogona ngati chipika. Izi zinali zaukhondo kwambiri, zopanda zipsera za lezala, koma ndinati ku Joni nawo asing'anga ali ndi zipangizo zamakono. Zonse zinalumikizana tsiku limenelo, masaya, misozi, chala chakuphazi. Ndinatsanulira madzi otsala mu ketulo pa maluwa anga, maluwawo n'kufa.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka wapolisi. Ndinaona kuti pakatha miyezi itatu iliyonse kankabwera kaphukusi kuchokera ku Joni, ndi anyamata a magalimoto onyamula katundu aja, ndipo ankakalandira okha pamsewu. Patapita masiku awiri ankati kuli msonkhano wa akulu a mpingo ku Mzuzu, msonkhano womwe akulu anzawo sankaudziwa. Foni ikalira ankapita kuseri kwa mtengo wa mango, n'kumalankhula Chitonga chothamanga chija. Ndinayang'ana nambala, inali ya mlamu wanga. Ndinati basi, mlongo wawo ndiye wawapezera Mtonga mnzawo, wotopa ndi Mchewa. Ndinamujambula mkaziyo m'mutu mwanga mpaka ndinamudziwa kuposa ana anga. Anali woyera, wa zaka makumi anayi, wovala mawigi, woseka mobisa mano.

Njira yake inali kupita kwa ankhoswe, ndikudziwa. Koma nkhoswe yanga, mchimwene wanga, anali atabwerera ku Thyolo esiteti itamupumitsa, ndipo nkhoswe yawo ndi msuweni wawo amene malata ake anagulanso mlamu yemweyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero. Ine kudekha ndinabadwa ndilibe.

Ndinakalankhula kumadzi kumene timaviika chinangwa. Tinali awiri okha, ine ndi mnzanga wa chigwirizano cha amayi, titamira mpaka m'mawondo tikuvuula chinangwa chofewa m'dzenje. Anandifunsa chifukwa chake ndikuonda pamene amuna anga akunenepa. Ndinamuuza za timadontho tija, ndi kaphukusi, ndi misonkhano ya ku Mzuzu. Za kuchipinda sindinanene, manyazi anandigwira. Analumbira kuti safotokozera munthu, ndipo ndikukhulupirira kuti anauza mmodzi yekha, mwamuna wake. Mwamuna wakeyo ndi mlembi wa seshoni, bwalo la akulu a mpingo.

Anatiitana Lachisanu masana, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Munali abusa ndi akulu khumi ndi awiri, anthu amene amuna anga akhala nawo pa benchi imodzi zaka zonsezi, kuweruza milandu ya anthu ena. Abusa anali ofatsa, anayamba ndi pemphero lalitali, kenako analankhula Chichewa kuti ine ndimve bwino.

“Ada, kwamveka kuti muli ndi mphini m'thupi. N'zoona?”

“Zizindikiro zilipo.”

“Munazitenga kuti?”

“Ku Joni.”

“Nanga za mayi amene akutchulidwayo?”

Amuna anga anayang'ana chipewa chawo chimene chinali pabondo. Thukuta lija linawagwira pomwepo, linatsika m'khosi mpaka kolala inanyowa, ndipo akulu aja anayang'anana. Abusa anafunsa katatu. Sanavomere, sanakane. Anawachotsa pa ukulu, anawaimitsa Mgonero kwa chaka, ndipo Lamulungu lotsatira anakakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, pamene pamakhala atsikana otenga mimba zapathengo.

Ndinganame ndikati sindinakondwe. Ndinakondwa masiku awiri athunthu. Ndinati aone kuwawa kwake. Kunyumba sanandikalipire, sanandifunse kanthu, ankadya chimene ndaphika n'kuthokoza kuti yewu monga mwa nthawi zonse, ndipo ulemu umenewo unkandipsetsa mtima kuposa mbama.

Lachitatu, dzuwa lili pamutu, ndikuyanika chinangwa pathandala, foni yanga inalira. Anali mlamu. Chikwatiwire changa anali asanandiimbirepo pa foni yanga.

“Mlamu, mwamuchita chiyani mbale wanga?”

“Funsani mkazi amene munamupezerayo.”

“Mkazi wuli? Chiuta wangu. Ndi khansa, mlamu. Munthuyo ali ndi khansa ya pulositeti.”

Ndinakhala pansi pomwepo, pa dothi. Analankhula nthawi yaitali, Chichewa chake chosakaniza Chitonga ndi Chizungu, ndipo kwa nthawi yoyamba sanathamangitse lilime. Anati pulositeti ndi kachiwalo ka amuna kali pansi pa chikhodzodzo, ndiko kankawakodzetsa kuja. Ku Mzuzu anaipeza khansayo isanatuluke m'kachiwaloko, ndiye abwana a mlamuyo anathandiza kuti akalandire chithandizo ku Joni. Madokotala anaimenya ndi zinthu zitatu nthawi imodzi. Choyamba ndi makina owotcha, tsiku lililonse kwa masabata seveni, ndipo timadontho tija anawalemba ndi inki yosafufutika kuti makinawo azilunjika pamalo amodzimodzi osaphonya. Chachiwiri ndi jakisoni wa pamimba, wa miyezi itatu iliyonse, wozimitsa mphamvu yachimuna chifukwa khansayo imakula ndi mphamvu imeneyo. Ndiye kaphukusi kaja, ndiye misonkhano ya ku Mzuzu, ndiye masaya ndi thukuta ndi misozi. Chachitatu anati n'chatsopano, madokotala akuchiyesa kumene, mankhwala odzutsa asilikali a m'thupi kuti aizindikire khansayo n'kuithira nkhondo okha. Amuna anga anasainira pepala kuvomera.

“Amenewo ndiwo anamuzunza,” anatero mlamu. “Akalandira, masiku awiri kunjenjemera ngati malungo. Ine kumupukuta, ine kumumwetsa phala. Ndiye kumakina kuja amafuna chikhodzodzo chodzaza. Timakhala pa benchi ndi botolo la madzi, iye kumwa, ine kuwerenga nthawi. Tsiku lina pobwerera analephera kugwira, anadzikodzera mu takisi, anthu odzaza. Ndinamufunditsa chitenje changa mpaka kunyumba. Ndiye inu mukamuyalutse kwa abusa?”

Pano ndiyenera kunena zoona, ngakhale sizindikometsa. Mkazi wabwino akanalira chifukwa cha khansayo. Ine ndinalira pambuyo pake, ndinalira kwambiri, koma chimene chinayamba kundibaya si khansa. Chinali chitenje chija.

“Thalauzalo anachapa ndani?”

“Mukuti chiyani, mlamu?”

“Thalauza limene anakodzeralo. Anachapa ndani?”

“Ine. Akanachapa ndani?”

Ndinadula foni. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndachapa zovala za munthu ameneyu, ndikudziwa thumba limene amaiwalamo ndalama zachitsulo, ndikudziwa pamene kolala yake imayambira kutha. Tsiku limodzi lokha limene anafunika munthu womuphimba, anamuphimba wina. Mkazi wa mawigi uja ndikanatha kumutukwana, kumupempherera zoipa, kumuposa pophika. Uyu ndimuchita chiyani? Anachita zabwino zokhazokha, ndipo ndinamuda kuposa woyambayo.

Ndinawapeza kumunda akudula mitengo ya chinangwa yobzala, atakhala pa chitsa chifukwa masiku amenewo sankachedwa kutopa. Anangondiona nkhope n'kudziwa kuti foni yalira. Anaika chikwanje pansi.

“Bwanji munauza iwo, osati ine?”

“Khalani pansi, Ama.”

“Sindikhala. Ndine ndani ine pakhomo pano? Wantchito? Abale anu onse akudziwa, eti? Mumandiseka m'Chitonga.”

“Akudziwa ndi iye yekha. Ngakhale ana sadziwa.”

“Ndiye bwanji iye?”

Anayamba kusenda khungwa la kamtengo ndi chikhadabo.

“Dokotala anandiuza ndisanabayidwe kuti jakisoniyo achotsa chiyani. Ndinaganiza usiku wonse. Kwa iye uja, mzichi wangu wa bere limodzi, ndine mlongo wake, ndipo ulongo jakisoni sachotsa. Ndikhoza kumukodzera pamaso, mawa ndidzukabe mlongo wake. Kwa inu ndine mwamuna. Ndikanayambira pati?”

Ndinafuna kuwayankha kuti ine sindinakwatiwe ndi chala chakuphazi. Ndinafuna kunena zambiri zabwino zimene ndaziganiza pambuyo pake. Chimene chinatuluka n'chakuti, “Ndinu opusa, Ada.” Anavomera ndi mutu. Ndinakhala pansi pambali pawo, ndinatenga chikwanje, ndinayamba kudula mitengoyo ndekha, mokhotakhota chifukwa maso sankaona.

Nditapeza mawu ndinati mawa m'mawa tipita kwa abusa ndi mapepala a kuchipatala. Ndikagwada pamaso pa seshoni, ndikanena kuti ndinanama, awabwezere pa mpando wawo.

“Simupita,” anatero.

“Ndipita. Ndine ndinawononga.”

“Mukawauza chiyani? Akafunsa za timadontho, munena makina. Akafunsa za Mzuzu, munena jakisoni. Akafunsa ntchito ya jakisoniyo? Muli akulu khumi ndi awiri mmene muja, aliyense ali ndi mkazi, mkazi aliyense amaviika chinangwa. Pofika Loweruka ana a sukulu akhala akuimba kuti ndinagwa mu mpapaya.”

“Ndi matenda, Ada. Palibe chamanyazi.”

“Kwa inu. Chaka cha kumbuyo kwa tchalitchi chitha, Ama. Dzina linalo silitha, ndikalowa nalo m'manda. Asiyeni aziti ndili ndi mkazi ku Joni.”

Ndinakana, ndinakalipa, ndinawaopseza kuti ndipita ndekha. Anangondiyang'ana n'kunena kuti pa moyo wawo wonse sanandipemphepo kanthu kakakulu, ichi chokha. Madzi ndinali nditataya ndine, ndipo saoleka. Ndinavomera.

Ndiye mkazi uja anakhala. Ndinamubereka ndekha, ndipo tsopano ndiyenera kumulera. Amayi a chigwirizano amabwera kudzandipempherera, amandigwira manja, amati ndipirire, amuna ndi ana. Ena amandibweretsera nsomba ngati ndili pamaliro. Mnzanga wa kumadzi uja amandipatsa malangizo a mmene ndingawabwezere amuna anga kunyumba, ndipo ine ndimathokoza. Ana anamva, wamkulu anakhala miyezi iwiri osalankhula ndi bambo ake, ine ndili chete ngati ndamwa phala lotentha.

Ku Mzuzu tsopano timapita awiri. Kaphukusi ndimakalandira ndine. Ndimalowa nawo mpaka m'chipinda, ndimaona singano yaikulu ija ikulowa pamimba, ndimawagwira phewa ngakhale amati sizipweteka. Magazi akayezedwa, dokotala amati nambala yake ili pansi kwambiri, ndi mmene amafunira. Anatiuza kuti majakisoni akadzatha zina zikhoza kubwerera, zikhozanso osabwerera, tisawerengere. Ine sindiwerengera. Mlamu amaimbabe, ndipo ndimamupatsa moni bwinobwino, koma akayamba kundiuza zakudya zimene mbale wake amakonda ndimati netiweki yavuta.

Chimene sindinakonzekere ndi ichi. Tikamadutsa pagombe m'mawa, asodzi akukonza maukonde, amuna aja amawakuwira. “Ada a ku Joni, mwayuka uli? Tipatseniko mankhwalawo.” Madala anzawo amene kale ankawaopa ngati mkulu wa mpingo tsopano amawagwira dzanja nthawi yaitali, akuseka. Ndipo amuna anga, munthu wodwala, wotupa mabere, wotuluka thukuta, amawongola msana. Amakankhira chipewa chammbali pang'ono. Amayankha kuti “Asa, musiye zimenezo,” koma ndi kumwetulira kumene ine sindinakuone chibwerere ku Joni. Mkazi amene kulibeyo amawapatsa chinthu chimene ine, ndi phala langa ndi kugwira phewa kwanga, ndalephera kuwapatsa.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wa ku Kande kudzagula ufa wa kondowole. Ndikumuyezera, anasuzumira pakhonde pamene amuna anga anakhala akumvera wailesi, n'kunditsinira diso.

“Ndinamva nkhani yanu, amama. Pepani. Koma mkaziyo munamuonapo, ngakhale pachithunzi? Ndi wokongola?”

Wailesi inatsika mawu. Sanatembenuke, koma khutu ndinaliona.

“Wokongola kwambiri,” ndinatero mokweza. “Mtsikana ndithu. Akuti amawalirira tsiku lililonse.”

Mayi uja anagwedeza mutu mondimvera chisoni, anasenza ufa wake n'kumapita. Pakhonde paja wailesi inakweranso, ndipo ndinamva amuna anga akuimbira limodzi chapansipansi, phazi likugunda pansi. Ndinalowa m'nyumba, ndinatseka chitseko mwamphamvu, ndipo tiyi wa madzulo amenewo anaphika okha.